Musanasamukire ku Zolozolo, kaoneni nyumbayo mvula ikugwa

Ana anga, sabata ino sindiyankha kalata imodziimodzi monga tichitira masiku onse. M'miyezi iwiri yapitayi ndalandira makalata atatu ofanana, onse ochokera kwa maanja achinyamata amene akukonzeka kusamukira ku Mzuzu. Wina ndi mphunzitsi amene wapatsidwa thiransifa kuchokera m'chigawo chapakati, wina mwamuna wake wapeza ntchito ku Luwinga, ndipo wachitatu ndi mayi wa ana awiri amene akufuna kukayamba geni kumeneko. Onse auzidwa kuti ku Zolozolo kumapezeka nyumba za lendi yotsikirako, ndipo onse akufunsa chinthu chimodzi: kodi n'kumalo koti munthu n'kulererako ana?

Eya, n'kotheka ndithu. Ine ndakhalako zaka zambiri, ndipo ana ambiri amene ndidawayeza kusikelo ali makanda lero ndi aphunzitsi, madalaivala ndi anamwino anzanga. Koma Zolozolo ndi wamkulu, ndipo nyumba ziwiri zotalikirana mtunda woyenda mphindi zisanu zokha zikhoza kukupatsani moyo wosiyana kotheratu. Chosiyanitsa chachikulu ndi madzi, kumene amachokera ndi kumene amalowera mvula ikagwa. Penti ndi matailosi zikhale pambuyo.

Mmodzi mwa olemba makalatawa wati akuchita mantha chifukwa dzina la Zolozolo amangolimva pa mauthenga a maliro. N'zoona, manda odziwika a mumzinda wa Mzuzu ali kumeneko, ndipo anthu ambiri otchuka adagonekedwa m'manda amenewa. Koma mwana wanga, ogona kumanda sadabepo nkhuku ya munthu. Chimene mudzaone ndi mdipiti wa galimoto za maliro masana ena, anthu n'kupatuka mwaulemu, n'kupitiriza zawo.

Kwa inu ochokera ku Lilongwe, ulendo wake ndi wa mumsewu wa M1, kudzera ku Kasungu ndi pa Jenda, kenaka n'kukwera mapiri a Viphya. Mukangolowa Chikangawa mudzamva mphepo itasintha. Nkhalango ya paini imeneyi, yomwe kukula kwake ndi mahekitala 53,000, idali yochititsa kaso kale, lero malo ambiri ndi zitsa zokhazokha kaamba ka macheka ndi moto. Komabe nkhungu sidachoke, ndipo dalaivala wanzeru amayenda pang'onopang'ono. Jekete la mwana likhale m'manja, lisakhale m'chikwama chomwe chapakiridwa pansi pa basi. Mzuzu uli pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo nyengo yake si ya ku Salima kapena ku Chikwawa.

Mzindawu si wakale ngati Zomba kapena Blantyre. Udayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pamene kampani ya boma la Britain, Colonial Development Corporation, idatsegula esiteti ya mitengo ya tung, yomwe mafuta a njere zake ankapangira penti ndi vanishi. Anthu adabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Mzimba, Nkhata Bay, Rumphi, Karonga mpaka ku Chitipa. Ulimi wa tung udafa, koma anthu adakhazikika, maofesi a boma a chigawo chakumpoto n'kudzamangidwa pomwepo. Mzuzu udalandira ulemu wokhala mzinda m'chaka cha 1985. Pa kalembera wa 1998 mudali anthu pafupifupi 87,000, koma pofika 2018 adali atakwana 221,272.

Manambalawa ndawatchula ndi cholinga. Anthu akachuluka chonchi m'zaka 20 zokha, amagona kuti? Zolozolo ndi imodzi mwa malokeshoni akale a mzindawu, gulu limodzi ndi Chiputula, Chibavi ndi Mchengautuwa, kumene munthu wa malipiro ochepa ankapeza poloti n'kumanga yekha nyumba malinga ndi thumba lake. Oyambirira adatenga malo abwino, apamtunda, kumene mapoloti adapimidwa ndipo misewu idalambulidwa. Mukayenda kumeneko mudzaona nyumba zakale za njerwa zowotcha, malata adachita dzimbiri koma makoma ali nganganga, pabwalo pali mapeyala akuluakulu, nthochi ndi mpanda wa maluwa. M'nyumba zambiri zotere mumakhala agogo amene adapuma ntchito m'boma kapena adzukulu awo. Obwera pambuyo adayamba kutsikira m'mitsetse, ndipo obwera pambuyo penipeni adalowa m'madambo, mmene kale tinkalimamo masamba ndi nzimbe. N'chifukwa chake mukamva kuti nyumba ili ku Zolozolo East kapena Zolozolo West, musakhutire msanga. Funsani kuti ili pamtunda kapena kunsi.

Mvula ya ku Mzuzu ndi ina. Kwina ikamatha mu Malichi, kuno imakhala ikulimbika, ndipo Epulo ndi mwezi umene timagona khutu lili kunja. Imatha kugwa masiku atatu kapena anayi osalekeza, nthaka n'kukhuta mpaka madzi kumatumphuka pansi. Mu Epulo 2016 mvula yotere idagwetsa nyumba zambiri m'malokeshoni osiyanasiyana a mzindawu, anthu ena adataya miyoyo, ndipo mabanja ochuluka adakasungidwa m'masukulu ndi m'matchalitchi. Zambiri mwa nyumba zimene zidagwa zidali za m'madambo ndi m'mitsetse, zomangidwa ndi zidina kapena njerwa zomata ndi dothi, zopanda maziko a simenti. Khoma lotere likamwa madzi limagwa usiku, ndipo kawirikawiri amene amagona mphepete mwa khoma ndi ana.

Tsono ngati mungathe, nyumbayo kaioneni nthawi ya dzinja, tsiku limene mvula yagwa. Imani pakhonde muone kumene madzi a padenga ndi a mumsewu akuthamangira. Ndikudziwa kuti ambiri simungadikire, kalata ya thiransifa sifunsa nyengo. Ngati mukupita m'chilimwe, nyumba imaulula yokha. Yang'anani m'munsi mwa khoma, kunja ndi m'kati. Mukaona mzere wakuda kapena wobiriwira wofika m'mawondo, pulasitala akufufuma, ndiye kuti chinyontho chimakwera. Mukapeza penti yatsopano m'munsi mokha, funsani chifukwa chake. Lowani kuchipinda, tsekani chitseko, mununkhize. Fungo la chuku silibisika. Suzumirani kuchimbudzi ndi tochi: ngati madzi ali pafupi mu Okutobala, mu Epulo chidzasefukira. Ndipo musafunse landilodi yekha, iye akufuna ndalama. Funsani mayi amene akugulitsa tomato pafupi kapena ana amene akusewera mumsewu kuti, "Mvula ikagwa mumadutsira kuti?" Ana sadziwa kunama pa nkhani zoterezi.

Wina anena kuti agogo mukukokomeza, chinyontho n'chiyani poyerekeza ndi lendi yotsika. Pa zaka zanga zaunamwino ndidaona ana ambiri obwerabwera kuchipatala ndi chifuwa chosatha ndi mphumu, ndipo ukafunsitsa umapeza kuti amagona pamphasa m'chipinda chonyowa. Ndalama imene mwapulumutsa pa lendi imakathera ku mankhwala ndi kabaza wa usiku.

Madzi akumwa mumzindawu amaperekedwa ndi Northern Region Water Board, ndipo ambiri amachokera ku damu la Lunyangwa, lomwe limadalira nkhalango ya Kaning'ina. Ku Zolozolo nyumba zina zili ndi mpopi m'nyumba, zina panja, zina zimagula pa kiyosiki. Musanapereke ndalama, mvetsetsani kuti mita ndi ya anthu angati, bilu mumagawana bwanji, ndipo ngati amene adatuluka adasiya ngongole. Mikangano yambiri ya pa mapoloti a nyumba zingapo imayambira pa bilu ya madzi ndi mayunitsi a magetsi, maka wina akakhala ndi mbaula ya magetsi pamene anzake amangoyatsa babu limodzi. Zimenezi mugwirizane poyera tsiku loyamba, zilembedwe.

Kunsi kumadambo mudzapeza zitsime zosaya, ndipo madzi ake amaoneka oyera bwino. Asakunyengeni. Chitsime chiyenera kutalikirana ndi chimbudzi mamita osachepera 30, koma poloti ya m'tauni ilibe malo otero, ndipo chimbudzi cha mnzanu wa kumtunda chimatsikira kwa inu. Madzi amenewo chapirani ndi kukolopera basi. Ngati mpopi wauma ndipo mulibe kuchitira mwina, awiritseni kapena thirani klorini, musunge mu ndowa yovindikira, ndipo kapu yotungira ikhale imodzi. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sadalambalale chigawo chakumpoto. M'nyumba musasowe mapaketi a Thanzi ORS. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi abwino, ndipo mwana wotsegula m'mimba muyambe kum'mwetsa musananyamuke kupita kuchipatala.

Tsopano za kuzizira. Juni ndi Julayi kuno ndi miyezi ya mawawa ndi nkhungu, zovala zimatha masiku awiri pachingwe osauma. Apa ndi pamene obwera kumene amalakwitsa chinthu chimene chimandiwawa mtima kwambiri: kulowetsa mbaula ya makala kuchipinda n'kutseka mazenera ndi chitseko. Makala amatulutsa mpweya woipa umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo banja lonse likhoza kugona osadzukanso. Othani moto pabalaza zenera lili lotsegula, ndipo pokagona mbaula ituluke panja. Gulani bulangete lina, chipewa ndi masokosi a mwana. Ku msika wa kaunjika m'tauni zimapezeka zambiri.

Chibayo nachonso ndi cha nyengo imeneyi. Mwana akamatsokomola, m'vuleni malaya muwerenge mmene akupumira ali chete. Wa miyezi 2 mpaka 12 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, thamangani naye. Mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, musadikire kuti kuche. Ndipo musanamizidwe kuti kozizira kulibe malungo. Udzudzu ulipo, maka kufupi ndi madambo, choncho neti imangidwe usiku woyamba womwe.

Pa nkhani ya zipatala, Zolozolo ali pabwino. Mzuzu Central Hospital, yomwe idamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan n'kutsegulidwa m'chaka cha 2000, ili ku Luwinga, dera loyandikana nalo. Koma kumbukirani kuti chimenechi ndi chipatala chachikulu cholandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a kumpoto. Matenda a tsiku ndi tsiku, sikelo ya amayi oyembekezera ndi katemera yambirani ku chipatala chaching'ono, monga cha Mapale m'tauni. Palinso St John's, chipatala cha mpingo wa Katolika, cholipira, ndi St John of God kwa amene akuvutika maganizo. Musanasamuke, tengani mabuku a kuchipatala a aliyense, kabuku ka katemera ka mwana kasasowe m'makatoni. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a BP, shuga kapena khunyu, pemphani kalata yosamukira ndi mankhwala okwanira mwezi wathunthu. Ndaona anthu akudumphitsa mankhwala sabata zitatu ati poti "tidakali kukhazikika". Matenda sadikira kuti mukhazikike.

Kuyandikana ndi chipatala chachikuluku kuli ndi mbali ina imene maanja achinyamata saiganizira. Nyumba yanu idzasanduka pofikira. Wachibale aliyense wotumizidwa ku Central, womudikirira wake, ngakhale mnzawo wa mnzawo, adzagogoda pakhomo panu. Kulandira alendo ndi chikhalidwe chathu ndipo sindikuti muwabweze. Koma inu awiri mukambirane nkhaniyi alendo asanayambe kubwera: adzagona pati, ufa udzachokera kuti, ndani adzanyamula phala m'mawa. Amuna ambiri amavomera pafoni mokoma mtima, koma wophika, wochapa ndi woperekeza kuchipatala ndi mkazi. Bambo, musanayankhe kuti "bwerani", funsani kaye mnzanuyo. Ndipo wodwala amene akutsokomola nthawi yaitali asagone chipinda chimodzi ndi ana mpaka atayezedwa TB.

Mayendedwe savuta kwenikweni. Pali matakisi okwera anthu angapo, njinga zamoto, ndi njinga zakapalasa zokhala ndi mpando wa khushoni kumbuyo zimene kuno timazitcha Sacramento. Chovuta ndi matope a m'tinjira tolowera kunyumba, ofiira ndi oterera, oti mayi woyembekezera ayende mosamala. Pezani nambala ya dalaivala mmodzi wokhulupirika wa m'dera lanu, yemwe angadzuke pakati pa usiku. Pa njinga yamoto musakwere ndi khanda kumsana kwinaku mutanyamula katundu, ndapota nanu.

Zakudya ndiye musadandaule. Pamsika wa Zolozolo mupeza zofunika za tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri mukazipeza ku msika waukulu m'tauni ndi ku Zigwagwa. Usipa ndi batala zimachokera ku Nkhata Bay, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, mpunga wa Kilombero ku Karonga, ndipo nthochi, chinangwa, mbatata ndi masamba sizisowa chifukwa cha mvula yomwe ija. Walira mvula walira matope, koma walandiranso ndiwo. Ana anu adzaphunzira kudya kondowole msanga kuposa inu. Nsalu ndi ziwiya za ku Tanzania zili ku Taifa Market. Sukulu za boma, ya pulaimale ndi ya sekondale yoyendera, zili m'dera momwemo, koma makalasi ndi odzaza ngati m'matauni ena onse, choncho kalata ya thiransifa ya mwana ikafike msanga teremu isanayambe.

Ena mwa inu mukuganiza zogula poloti m'malo mochita lendi. Maganizo abwino, maka poona mmene zinthu zakwerera kuchokera pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma musagule m'chaka choyamba. Khalani kaye pa lendi dzinja limodzi, mudziwe malo ndi anthu. Malo a mumzinda ali ndi eni ake pa malamulo: ena ali m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ena a unduna wa za malo. Mfumu ya m'dera kapena mkulu wa buloko ndi wofunika pa maliro ndi pa milandu ya pakati pa anansi, ndipo akhoza kukhala mboni, koma chidindo chake si umwini wa malo. Musanapereke tambala, pitani ndi nambala ya poloti ku ofesi yoyenera mukaone dzina limene lili m'kaundula ndi ngongole ya msonkho wa khonsolo. Nyumba zambiri zakale ku Zolozolo ndi za masiye, mwini wake adamwalira, ana alipo asanu ndi mmodzi, koma wogulitsa ndi mmodzi yekha amene ali ndi changu. Mukagula yotere osaona ena onse atasaina, mwagula mlandu. Ndipo amayi, dzina lanu lilembedwe pa mapepala limodzi ndi la amuna anu. Ndaona amayi amasiye ochuluka akutulutsidwa m'nyumba imene adasenzera okha njerwa.

Nanga anthu ake? Chinenero chachikulu ndi Chitumbuka, koma mudzamvanso Chitonga, Chinkhonde ndi Chilambya, ndipo pafupifupi aliyense amamva Chichewa. Palibe adzakukanizeni tomato poti simudziwa chinenero. Komabe pali kusiyana pakati pa munthu amene watha zaka zisanu osaphunzira ngakhale moni ndi amene sabata yoyamba akuyesa kuti "Monire", "Mwawuka uli?" ndi "Yewo chomene". Adzakusekani pang'ono, kenaka adzakukonzani, ndipo chinzake chimayambira pomwepo. Kuno moni sachita mothamanga. Ukadutsa munthu wamkulu osam'patsa moni, madzulo dera lonse lidziwa kuti kwabwera onyada. Ana anu adzabwera kunyumba akuti "maji" ndi "dende" pasanathe miyezi itatu. Musawakalipire, akupeza chuma chimene inu mulibe.

Inu ochokera kumene kuli chikamwini mudzapeza kuti kuno mwambo ndi wa malowolo, ana amawerengedwa kuchimuna ndipo mkazi amalemekeza apongozi mwa njira zimene mwina simudazizolowere. Si nkhani yoti muzitsutsana pa mpopi kuti mwambo wabwino ndi uti. Onani, mvetserani, ndipo za m'banja mwanu zikhale za m'nyumba mwanu.

Mukangofika, kadzionetseni kwa mkulu wa buloko, mwamuna ndi mkazi limodzi, kuti akulembeni. Kalata ya kumpingo kaperekeni Lamulungu loyamba. A CCAP mudziwe kuti kuno ndi kwa Sinodi ya Livingstonia ndipo mapemphero ambiri ndi a m'Chitumbuka, ngakhale mipingo yambiri ya m'tauni imakhalanso ndi a m'Chingerezi. Akatolika, a Seventh Day, a Pentekoste ndi Asilamu nonse mudzapeza kwanu. Koma chachikulu ndi maliro. Mbale ya chipepeso ikamayenda, ponyanimo kangachepe. Bambo akagone nawo kusiwa ngakhale usiku umodzi, mayi akathandize kutunga madzi ndi kuphika. Anthu a ku Zolozolo amaona amene amabwera ndi amene amangotumiza ndalama pafoni ali m'nyumba atakhoma geti. Inu amene kwanu ndi ku Thyolo kapena ku Ntcheu, tsiku limene zidzakugwereni, achibale adzatenga tsiku lathunthu kuti afike. Amene adzakoleze moto pabwalo panu usiku woyamba ndi anthu a mumsewu wanu omwewo.

Za banki m'khonde, amayi adzakuitanani sabata yachiwiri yomwe. Magulu ena ndi abwino ndipo amangitsa nyumba, ena adathetsa maukwati. Dikirani muone gulu likugawana ndalama kamodzi musanalowe, ndipo mwamuna wanu adziwe ngongole iliyonse imene mwatenga.

Kwa mphunzitsi uja wafunsa nthawi yabwino yosamukira: ngati akukupatsani mpata wosankha, bwerani pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, pamene kuzizira kwatha, misewu ndi youma ndipo lole ikhoza kufika pakhomo. Matiresi ndi mabuku muzikulunge m'mapepala a pulasitiki, bedi la ana likhale lokwera ndipo lisagunde khoma. Sabata yamawa tidzabwerera ku makalata anu, kuyambira ndi ya mtsikana wa ku Kasungu amene apongozi ake akufuna kutcha okha dzina la mwana.